Dotolo Livingstone ndi Mawotchi Ake

Msodzi wa ku Nkhunga akafuna kudziŵa nthaŵi yokankhira bwato pamadzi safunsa wotchi. Amamvera tambala, amayang'ana nthanda ikutuluka kutsidya kwa nyanja, ndipo amadziŵa kuti kunja kwatsala pang'ono kucha. Makolo ake adakhala motero zaka mazanamazana osasoŵa kanthu. Koma m'chaka cha 1861 m'mbali mwa gombe lomweli mudadutsa bwato la mlendo wina amene adali ndi nthaŵi ziŵiri. Ina idali ya dzuŵa la kuno, ina idali ya ku Greenwich, ku England, ndipo ankaisunga m'kabokosi ngati dzira. Mlendoyo adali David Livingstone. Mwana wasukulu aliyense amamdziŵa kuti adali mmishonale, sing'anga ndiponso mdani wa malonda a akapolo. Ndi ochepa amene adamva kuti ntchito yake ya tsiku ndi tsiku idali yosunga nthaŵi ndi kulemba madeti, ndi kuti pamene nthaŵiyo idamsokonekera, ulendo wake wotsiriza udasokonekera nayo pamodzi.

Livingstone adabadwa pa 19 Malichi 1813 m'mudzi wa Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, pafupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland. Bambo wake Neil ankagulitsa tiyi khomo ndi khomo, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Atakwanitsa zaka 10, mwanayo adaloŵa ntchito m'fakitale ya thonje, yolumikiza ulusi ukaduka pa makina. Kumeneko ndiko adayamba kulamulidwa ndi belu. Ntchito inkayamba 6 koloko m'maŵa ndi kutha 8 koloko usiku, kenaka ana ankapita kukaphunzira maola aŵiri asanakagone. Ndi malipiro ake oyamba David adagula buku lophunzirira Chilatini. Pambuyo pake adazoloŵera kutsamiritsa buku pa makina ndi kuŵerengako mzere umodzi nthaŵi iliyonse akamadutsa pamenepo. Mnyamata amene wakula motere amadziŵa mtengo wa mphindi imodzi.

M'chaka cha 1836 adayamba maphunziro a udokotala pa Anderson's College ku Glasgow, akulipira ndi ndalama za m'fakitale muja. Adadzipereka ku bungwe la London Missionary Society ndi cholinga chopita ku China, koma nkhondo imene idabuka kumeneko mu 1839 idatseka njira. Atakomana ndi Robert Moffat, mmishonale wa ku Kuruman, mtima wake udatembenukira ku Africa. Adanyamuka mu Disembala 1840 pa sitima ya pamadzi yotchedwa George. Ulendowo udatenga miyezi itatu, ndipo iye sadauononge pachabe. Kapitao wa sitimayo, Donaldson, ankakhala naye mpaka pakati pa usiku kumphunzitsa kuyeza mwezi ndi nyenyezi monga amachitira amalinyero akafuna kudziŵa pamene ali pa nyanja yopanda gombe.

Pano aŵerengi ayenera kumvetsa chinthu chimodzi, chifukwa mbiri yonseyi yatsamira pa icho. Dziko lapansi limazungulira kamodzi pa maola 24, ndipo mzungulire wonse uli ndi madigiri 360. Motero pa ola limodzi dziko limatembenuka madigiri 15, ndipo digiri imodzi imatenga mphindi 4. Dzuŵa limayamba kufika paliwombo kwa anthu a kuvuma, a kuzambwe nkumadikira. Tsono munthu akadziŵa nthaŵi ya pamene waima, nadziŵanso nthaŵi ya ku Greenwich pa kamphindi komweko, kusiyana kwa nthaŵi ziŵirizo kumamuuza kutalika kwa malowo kuchokera pa mzere wa Greenwich. Nkhunga ili pafupifupi pa madigiri 34 kuvuma kwa mzerewo, kutanthauza kuti dzuŵa la ku Nkhunga limatsogolera la ku Greenwich ndi maola aŵiri ndi mphindi ngati 16. Nthaŵi ya pamalo munthu amaipeza poyeza dzuŵa ndi chipangizo chotchedwa sextant. Ya ku Greenwich amainyamula mu chronometer, wotchi yosachedwa ndi yosafulumira imene John Harrison adaikonza bwino m'zaka za m'ma 1700. Wotchi yotere imafuna kupukusidwa tsiku lililonse pa nthaŵi yake, ndipo siyenera kugwa. Ikalakwitsa mphindi imodzi yokha, malo a m'dera lino amasuntha pa mapu makilomita ngati 27. Ikalakwitsa mphindi zitatu, mudzi wa ku Nkhunga ukhoza kulembedwa kutsidya kwa nyanja, ku Mozambique.

Livingstone adafika ku Kuruman mu Julayi 1841. Ku Mabotsa, mu 1844, mkango udamtswanya fupa la mkono wamanzere, ndipo mkonowo sudachirenso bwino moyo wake wonse. Mu 1845 adakwatira Mary, mwana wa Moffat. Adalalika pakati pa Abakwena ku Kolobeng, kumene mfumu Sechele idabatizidwa mu 1848, koma mtima wake unkakokera kumpoto. Mu Ogasiti 1849 adafika ku nyanja ya Ngami pamodzi ndi William Oswell, ndipo mu 1851 aŵiriwo adaona mtsinje wa Zambezi pa Sesheke. Chaka chotsatira adaperekeza mkazi wake ndi ana ku Cape Town kuti akakwere sitima ya ku Britain. Kulekana kumeneku kudabweretsa umphaŵi ndi chisoni chachikulu pa Mary, ndipo olemba mbiri samchotsera Livingstone mlandu pa nkhaniyi. Ali ku Cape Town komweko adapalana ubwenzi ndi Thomas Maclear, mkulu wa nyumba yoyezera nyenyezi. Maclear adamnola pa luso lija adaliyamba pa sitima, namphunzitsa kuyesa wotchi yake ndi mwezi pamene ukuphimba nyenyezi. Kuyambira pamenepo Livingstone ankatumiza manambala ake kwa Maclear kuti akaŵerengedwenso. Dzina la Cape Maclear, ku Mangochi, ndi chithokozo cha wophunzira kwa mphunzitsi wake.

Mu Novembala 1853 adanyamuka ku Linyanti ndi amuna 27 amene mfumu Sekeletu ya Amakololo idampatsa, kulinga ku gombe la kuzambwe. Malungo adamgwira kambirimbiri m'njira, mvula idaoletsa zovala ndi hema, koma usiku uliwonse kukakhala kopanda mitambo ankadzuka kukayeza nyenyezi, manja akunjenjemera. Adafika ku Luanda pa 31 Meyi 1854 ali mafupa okhaokha. Adapatsidwa mwai wokwera sitima kubwerera kwao, koma adakana chifukwa adalonjeza kubweza Amakololo aja kwa mfumu yao. Makalata ake ndi mapu adazitumiza pa sitima yotchedwa Forerunner. Ali pa ulendo wobwerera adamva kuti sitimayo yamira pafupi ndi chilumba cha Madeira, ndipo zolemba zonse zapita pansi pa madzi. Chikhala kuti adatumiza zonse osatsala ndi kanthu, ntchito ya chaka chathunthu ikadathera pomwepo. Koma timabuku take ta m'thumba tidali naye. Adakhala pansi ku Pungo Andongo, m'dziko la Angola, mpaka kutha kwa chaka, nalembanso makalata ndi mapu kuchokera m'timabukumo. Mu 1855 bungwe la Royal Geographical Society lidampatsa mendulo ya golide, ndipo chimene akatswiri adayamikira kwambiri ndi kulondola kwa miyeso yake.

Kuchokera ku Linyanti adatsata Zambezi kulinga kuvuma. Mu Novembala 1855 adaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, naatcha Victoria Falls. Adafika ku Tete mu Malichi 1856 ndi ku Quelimane mu Meyi chaka chomwecho. Pa ulendowu adachita cholakwa chimodzi chimene chidamtsata zaka zambiri. Asanafike ku Tete adasiya mtsinje nadutsa njira yachidule, motero sadaone ndi maso ake mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Ku Britain adakalengeza kuti Zambezi ndi mseu wotseguka wa sitima mpaka m'kati mwa Africa. Boma lidamkhulupirira, lidampatsa ndalama ndi sitima ya nthunzi, ndipo mu 1858 adabwerera. Atafika pa Kebrabasa adapeza miyala ndi madzi olusa amene sitima iliyonse sikadatha kukwera. Pamene adayeza, adalondola. Pamene adangoganizira, adaphonya. Kuphonya kumeneku ndiko kudamtembenuzira ku mtsinje wa Shire mu 1859, ndipo ndi mmene adaloŵera m'mbiri ya dziko lino.

Adaona nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, ndi nyanja ya Malaŵi mu Sepitembala. Ngakhale pa tsiku lotchukali mabuku sagwirizana: ena amati padali pa 16, ena pa 17. Kwa Amang'anja, Ayao, Achewa ndi Atonga amene ankaweza nsomba m'nyanjayi chiyambire, deti limeneli lidalibe tanthauzo. Koma ku Ulaya ulemu unkapita kwa amene wayamba kulemba tsiku ndi malo. Mjeremani wina, Albrecht Roscher, adafika kugombe la kuvuma kwa nyanja yomweyi patangopita miyezi iŵiri, ndipo adaphedwa chaka chotsatira asanabwerere kwao. Mpwitikizi wa ku Tete, Candido Cardoso, ankanena kuti iye adaiona kale nyanjayi mu 1846, koma adalibe miyeso yoti aonetse. Dzina limene lidatsala m'mabuku ndi la munthu amene adali ndi wotchi, sextant ndi cholembera.

Mu Sepitembala 1861 Livingstone adabweranso, ali ndi John Kirk, mng'ono wake Charles ndi mmalinyero mmodzi, atanyamulitsa bwato lopalasa kulambalala mathithi a Shire. Adatsata gombe la kuzambwe, kudutsa Nkhotakota, mathiriro a Bua ndi a Dwangwa, mpaka kudziko la Atonga kwa mfumu Mankhambira. Mwera udaŵazunza kotero kuti masiku ena ankangokhala pamtunda kuyang'ana mafunde. Adaona mitambo ya nkhungu ikufuka pamadzi ngati utsi, naona anthu akuzigwira ndi kuziumba kuti zikhale ndiwo. Kumpoto adapeza midzi yopserera ndi mitembo, zotsalira za nkhondo za Angoni. Chakudya chitachepa adabwerera osafika kumathero a nyanja. Chaka chotsatira chidali cha maliro. Bishopu Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero adamwalira pa 31 Januwale 1862, ndipo Mary, amene adangobwera kumene kudzakhala ndi mwamuna wake, adamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo.

Mu Julayi 1863 kalata ya boma idamfika yomuitanitsa kwao, yonena kuti malipiro a anthu ake adzatha pa 31 Disembala. Madzi a Shire adali ochepa, ndipo sitima sikadatha kutsika mvula isanagwe. Poŵerenga masiku otsala, adaona kuti akhoza kuyenda ulendo wina wapansi. Ulendowo ndiwo udamfikitsa ku Nkhotakota mu Sepitembala, kumene adapeza Jumbe, Mswahili wa malonda a minyanga ndi akapolo, akukhomera chombo chatsopano choolotsera anthu kutsidya, pa njira ya ku Kilwa. Mbiri ya ku Nkhotakota imati aŵiriwo adakambirana patsinde pa mkuyu umene uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Jumbe adamlandira mwaulemu, koma malonda ake sadaleke, ndipo ulamuliro wa Ajumbe udatha m'zaka za m'ma 1890. Pa doko limeneli padakomana njira zitatu zoŵerengera nthaŵi. Eni dziko ankaŵerenga miyezi poona mwezi, mvula ndi mphepo. Aswahili ankayamba tsiku lao dzuŵa likaloŵa, naŵerenga miyezi ya Chisilamu ndi nthaŵi za mapemphero. Mlendo uja adali ndi Greenwich m'bokosi. Kuchokera apo adakwera kumtunda kulinga ku Kasungu, ndipo ngakhale ankalakalaka kupitirira, kalendala idamlamula kubwerera. Mu 1864 adayendetsa yekha kasitima ka Lady Nyassa kuwoloka nyanja ya mchere ya India, kuchokera ku Zanzibar kukafika ku Bombay m'masiku 45, potsata dzuŵa ndi nyenyezi monga adamphunzitsira Donaldson.

Ulendo wotsiriza udayamba mu 1866, wofunafuna gwero la mtsinje wa Nile. Adatsata Rovuma nafika kugombe la kuvuma kwa nyanja ya Malaŵi mu Ogasiti. Adafuna chombo chomuolotsera ku Nkhotakota, koma eni zombo, podziŵa maganizo ake pa za ukapolo, sadampatse, ndipo adazungulira wapansi kumwera kwa nyanja. Ena mwa amtengatenga ake adathaŵa nakafalitsa bodza ku Zanzibar lakuti waphedwa ndi Angoni. Kumayambiriro kwa 1867 kudagwa matsoka aŵiri. Bokosi la mankhwala lidapita ndi anthu ena othaŵa, ndipo mnyamata wonyamula mawotchi adaterereka nagwa nawo. Pakati pa chaka chomwecho chivomezi chidaŵasokonezanso. Mawotchiwo adapitiriza kuyenda, ndipo apa ndipo padagona ngozi, pakuti wotchi yoima munthu amaidziŵa, koma yonama amaikhulupirira. Motero pamene adafika ku nyanja ya Bangweulu mu Julayi 1868, adailemba pa mapu molakwika, malo ake ndi ukulu wake womwe.

Zaka zotsatira zidali za matenda ndi umphaŵi. Ku dziko la Manyema mapepala ndi inki zidamthera. Sadaleke kulemba. Adang'amba nyuzipepala yakale ya ku London, The Standard, nafinya utoto wa njere za mtengo, nalemba mopingasa pamwamba pa zilembo zosindikizidwa. M'mapepala amenewo ndimo adalembamo zimene adaona pa msika wa Nyangwe pa 15 Julayi 1871, pamene amalonda a akapolo adaombera anthu mazanamazana, ambiri mwa iwo amai, ena namira mu mtsinje wa Lualaba pothaŵa. Nkhani imeneyi itafika ku Britain idathandiza kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar utsekedwe mu 1873. Utoto uja udafufuma ndi zaka mpaka zolembazo zidaleka kuŵerengeka, koma mu 2011 akatswiri adazitulutsanso pozijambula ndi kuŵala kwa mitundu yosiyanasiyana.

Atabwerera ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, adapeza katundu wake yense atagulitsidwa. Patangopita masiku ochepa kudatulukira Henry Morton Stanley, mtolankhani wa New York Herald. Kukomana kwao nkodziŵika pa dziko lonse, koma tsiku lake ndi lokanganirana mpaka lero. Stanley adalemba 10 Novembala 1871, pamene buku la Livingstone limaonetsa masiku otsiriza a Okutobala. Onse aŵiri adagonapo masiku ambiri ndi malungo osadziŵa kucha ndi kuda, ndipo munthu wodwala motero akadzuka amapitiriza kuŵerenga pamene akuganiza kuti adalekezera. Polekana ku Unyanyembe pa 14 Malichi 1872, Livingstone adakana kubwerera ku Ulaya, koma adakumbukira phunziro la Forerunner. Adapereka kwa Stanley buku lake lalikulu la zochitika za zaka zonsezo, lomatidwa ndi zidindo zisanu, kuti likasungidwe kwao, iye natsala ndi timabuku ta m'thumba.

Mu Ogasiti 1872 adanyamukanso kulinga kumwera kwa Bangweulu. Mapu ake omwe adamsokeretsa. Pamene ankayembekeza mtunda wouma adapeza madambo osatha, mvula ikugwa usana ndi usiku, ndipo anthu ake ankamsenza pamapewa poolotsa mitsinje. Kamwazi adamfooketsa mpaka adayamba kunyamulidwa pa machira. M'masiku otsiriza a Epulo 1873 dzanja lake silinkathanso kulemba nkhani, koma m'kabuku kake muli madeti okhaokha, limodzi pansi pa linzake, a masiku amene sadathe kulembapo china. Mau ake otsiriza adaŵalemba pa 27 Epulo. Atafika m'mudzi wa mfumu Chitambo, ku Ilala, m'dziko limene lero ndi Zambia, anthu ake adammangira kanyumba ka udzu. Monga adafotokozera pambuyo pake omtumikira, pa tsiku lake lomaliza adaitana Abdullah Susi kuti abweretse wotchi. Adamuonetsa kagwiridwe kake pachikhatho, ndipo iye mwini adapukusa kiyi pang'onopang'ono. Usiku womwewo, tambala asanalire, mnyamata Majwara adadzutsa anzake, ndipo adampeza atagwada pambali pa bedi, mutu uli m'manja, atatsirizika.

Zimene adachita anthu ake pambuyo pake nzosaiŵalika. Susi ndi James Chuma, Myao amene adaomboledwa ku ukapolo ali mwana mu 1861 nakhala ku Magomero, adasonkhanitsa gulu lonse. Jacob Wainwright, amene ankadziŵa kulemba, adalemba mndandanda wa katundu yense pamaso pa onse kuti pasadzakhale wonamiziridwa kuba. Mtima wa malemuyo adaukwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, thupi adaliumika ndi mchere padzuŵa milungu iŵiri, nalikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo. Adalinyamula miyezi isanu ndi inai, pamodzi ndi kapepala kalikonse, mpaka ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874. Ku London madokotala adalizindikira poona fupa lija adaswa mkango, ndipo lidaikidwa mu Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Koma taonani: pa mtengo wa kwa Chitambo, Wainwright adazokota kuti Livingstone adamwalira pa 4 Meyi 1873, pamene mwala wa pamanda ake ku London umati pa 1 Meyi. Deti lachiŵirili lidachokera kwa Horace Waller, amene adasonkhanitsa zolemba zotsiriza mothandizidwa ndi Susi ndi Chuma, naŵerenga masiku kuyambira pa 27 Epulo paja. Chigawo cha mtengowo chikusungidwa ku Royal Geographical Society. Munthu amene adasamala madeti moyo wake wonse ali ndi madeti aŵiri a imfa yake.

Zipatso za maulendo ake zidaoneka msanga kunyanja kuno. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala idaloŵa m'nyanja ya Malaŵi ndi amishoni a Livingstonia, amene adayamba ku Cape Maclear, nasamukira ku Bandawe mu 1881. Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876. Pamodzi ndi sukulu ndi zipatala kudabweranso belu ndi wotchi, ndipo m'mbuyo mwa amishoni mudatsata ulamuliro wa atsamunda mu 1891, chinthu chimene aliyense woyesa mbiri ya munthuyu ayenera kuchiika pa sikelo.

Pa nthaŵi ya Livingstone mzinda uliwonse unkatsata dzuŵa lake. Njanji ndi telegalafu zitafala, chisokonezo chidakula, ndipo Sandford Fleming, mmisiri wa njanji wobadwira ku Scotland amene ankagwira ntchito ku Canada, adalimbikira kuti dziko ligaŵidwe m'zigawo 24 za ola limodzi limodzi. Mu Okutobala 1884 nthumwi za maiko 25 zidakomana ku Washington nizisankha mzere wa Greenwich kukhala poyambira. Lero Malaŵi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo pa Greenwich ndi maola aŵiri, potsata mzere wa madigiri 30. Nchifukwa chake ku Nkhunga dzuŵa limafika paliwombo wotchi isanakwane 12 koloko, kaŵirikaŵiri ndi kotala la ola. Tanzania ili patsogolo ndi maola atatu, kotero kuti wochoka ku Nkhata Bay kuwolokera ku Mbamba Bay amayenera kusuntha wotchi yake ndi ola limodzi. Ku Britain amasintha mawotchi kaŵiri pa chaka, ndipo nthaŵi yao imatsalira pa yathu ndi ola limodzi m'miyezi yao yotentha, ndi maola aŵiri m'miyezi yozizira.

Bokosi lija la Greenwich silidathe ntchito. Makompyuta akuluakulu amene amasunga makope a zolemba za masukulu, mabanki ndi maofesi kudzera pa intaneti, ambiri amadinda nthaŵi ya dziko lonse yotchedwa UTC, imene ndi mdzukulu wa nthaŵi ya Greenwich. Kope losungidwa ku Nkhunga 1 koloko usiku, kutacha Lachiŵiri, likhoza kuoneka ndi chidindo cha 11 koloko usiku wa Lolemba. Mphunzitsi amene zotsatira za mayeso zamfufutikira, akapita kukatenga kope losungidwa osafunsa kuti chidindocho ndi cha nthaŵi ya kuti, akhoza kubweza la dzulo nataya ntchito ya tsiku lathunthu. Mankhwala ake ndi omwe aja adagwiritsa ntchito Livingstone: kusunga kope lachiŵiri kutali ndi loyamba, kulemba nthaŵi pamodzi ndi dzina la malo a nthaŵiyo, ndi kuyesa wotchi yako ndi ya wina kaŵirikaŵiri, monga iye ankatumizira manambala ake kwa Maclear.

Livingstone sadapeze gwero la Nile. Mtsinje wa Lualaba, umene ankauyesa Nile, ndi chiyambi cha Congo, monga adatsimikizira Stanley mu 1877. Adali munthu wouma mutu, wovuta kugwira naye ntchito, ndipo banja lake lidalipira mtengo waukulu chifukwa cha maulendo ake. Komabe zimene adaona pa doko la Nkhotakota ndi pa msika wa Nyangwe dziko lidazikhulupirira chifukwa zidalembedwa ndi tsiku lake ndi malo ake, ndipo zidafika kwa oŵerenga chifukwa Susi, Chuma, Wainwright ndi anzao sadataye pepala ndi limodzi lomwe pa ulendo wa miyezi isanu ndi inai wa ku Bagamoyo.